Jombo Yakumanzere

Pa 4 Malichi, wowotcherera zitsulo wina anapita kuchipatala chifukwa mapazi anatupa moti jombo zakuntchito zinakana kulowa, ndipo mkodzo unkachita thovu. Anamutenga magazi. Pa 13 Malichi dokotala anamuuza kuti ali ndi nthenda ya impso, n'kumuonetsa nambala papepala: 186.

"Nambalayi ikuwerenga asilikali a m'thupi mwanu amene asokonekera," anatero dokotalayo. "M'malo molimbana ndi matenda, akuboola sefa ya impso. Mankhwala akagwira ntchito, itsika. Ikafika pansi pa 14, ndidzakulemberani kalata yobwererera kuntchito."

Kufakitale anamupatsa mpaka pa 30 Juni. Likadzadutsa tsikulo, malo ake adzalowapo wina. Komanso pachipata cha fakitaleyo salola munthu wopanda jombo.

Mkazi wake ndi telala, ndipo sakhulupirira nambala imene sanayeze yekha. M'mawa uliwonse, mwamunayo asanaponde pansi, ankamukulunga tepi m'kakolo n'kulemba m'buku la miyeso ya makasitomala, pakati pa chiuno cha mayi wina ndi phewa la mkwati. Pa 14 Malichi: masentimita 29. Pa 14 Epulo: 29. Pa 10 Meyi: 28 ndi theka.

"Mwaona, mayi? Zayamba kuphwa," anatero mwamunayo.

"Theka limenelo n'loti munapinda phazi, bambo. Ndinakuonani."

Pa 12 Meyi mwamunayo anapita kukatengedwanso magazi. Atangotuluka, telalayo anatenga jombo yakumanzere, n'kuicheka m'mbali ndi lezala, n'kusokererapo lasitiki wakuda. Pa ntchito yake lamulo n'limodzi: chovala chikathina umakulitsa chovalacho, sudikira kuti mwiniwake aonde. Jomboyo anaibisa kuseri kwa makina.

Pa 19 Meyi anapita onse awiri kukamva zotsatira. Mkaziyo anaika buku lake patebulo la dokotala.

"Adokotala, mundikhululukire, koma mankhwala anuwa ndi madzi enieni. Miyezi iwiri, theka la sentimita!"

Dokotala anawerenga tsamba lonse mosathamanga, n'kufunsa nthawi imene amayeza. Kenako anatembenuza pepala lake kuti onse awiri aone: 41.

"Magazi ndi amene amatsogola, mayi, mapazi amabwera m'mbuyo. Asilikali akasiya kuboola, sefa imatenga miyezi kuti itsekeke. Tepi yanu sikunama ayi, koma ikukuuzani za mwezi wathawu."

"Ndiye kuti tepi yanga ndi nyuzipepala yakale?"

"Yakale, koma yolembedwa bwino. Musasiye kuyeza."

Mwamunayo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndimakuuzani ine! Telala azisoka, dokotala azichiza."

Mkaziyo anatsegula chikwama pang'onopang'ono n'kutulutsa jombo ija. Kuseka kunathera pomwepo.

"Mayo ine! Jombo yanga mwaichita chiyani?"

"Ndaikulitsa. Taonani msoko wake, simungauone n'komwe."

"Lasitiki? Pamoto? Chitsulo chamoto chikadonthera pamenepa ndidzavina fakitale yonse ikuonerera! Jombo yocheka salola, mayi."

"Mukanandiuza."

"Mukanandifunsa!"

Nesi amene ankakonza mabotolo pakona anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Dokotala anaitenga jomboyo, n'kuiyang'ana mkati ndi kunja.

"Msokowu ndi wabwino kuposa wanga," anatero. "Koma inayo musaikhudze."

Tsiku lomwelo jomboyo inapita kwa wosoka nsapato wa pakona ya msewu wawo, amene analonjeza kuchotsa lasitiki n'kuikapo chikopa chokhuthala pofika Lachisanu. Sananene Lachisanu lake liti. Kuyambira pamenepo, telala akamayeza akakolo, mwamuna wake amamufunsa kuti, "Nyuzipepala ikuti bwanji lero?"

Pa 2 Juni inati 28. Pa 16 Juni inati 26 ndi theka, ndipo phazi silinapindidwe. Mkaziyo anayeza kawiri. Pa 20 Juni mwamunayo anatengedwa magazi kachitatu. Madzulo a tsikulo jombo yakumanja inalowa mpaka chidendene, mkazi akukankha, mwamuna akukoka, ndipo anayenda nayo m'nyumba monse, phazi linalo lili mu silipasi.

Zotsatira zituluka Lachisanu, pa 27 Juni. Wosoka nsapato wanenanso kuti Lachisanu. Lero ndi Lachinayi.