Madzi Osambitsira Esinala

Veronika ndinagwira naye ntchito m'tenti ya kolera chaka chimene madzi osefukira anatidula ku Makhanga. Tonse tinali anamwino, koma iye anali ndi dzina limene ine ndinalibe. Anthu ankamutcha Sisita Ayi.

Dzinalo linabwera chifukwa cha maliro. Munthu akamwalira, azimayi a kwawo ankafika ndi beseni, sopo ndi nsalu kuti amusambitse monga mwa mwambo. Koma mtembo wa kolera umapatsira matenda, ndipo maliro amodzi osambitsidwa ndi manja wamba ankatha kutibweretsera banja lonse pamachira. Tinkayenera kuutsuka tokha ndi madzi a kolorini, kenako n'kuutsekera m'thumba la pulasitiki. Ine pakamwa panga mpofewa, ndiye wokawauza ankakhala Veronika. Ankaima pampanda ndi magambuti ake, n'kufotokoza m'Chisena ndi m'Chimang'anja momwe, osakweza mawu komanso osasuntha. Ena ankamutukwana kuti alibe mtima. Ena ankati tidzaona tsiku limene zidzagwere kwawo, ndipo amenewo sindinawakhululukire mpaka lero.

Tsikulo linafika m'mawa, pabwato. Amene anatsitsidwa anali Esinala, mkulu wake wa Veronika, wogulitsa nsomba pamsika wa Bangula. Pambuyo pake ankabwera amayi awo, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. Esinala anali atayamba kutsegula m'mimba dzulo lake, bwato n'kusowa. Amayiwo, poona kuti chilichonse chimene wamwa chikungodutsa, anasiya kumupatsa madzi kuti mwina zileke. Ambiri kwathu amachita zimenezo, ndipo amachita chifukwa cha chikondi.

Maso anali atalowa m'kati. Zala zinali zitakwinyika ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Veronika, amene sankaphonya mtsempha ngakhale wa khanda, anabaya n'kuphonya, anabayanso n'kuphonyanso. Ndinamulanda singano mwakachetechete ndipo sanalimbane nane. Dilipi inalowa, tinkachita kuifinya ndi manja kuti ithamange, koma thupi linali litauma kale. Dzuwa lili paliwombo Esinala anatisiya, mutu wake uli pamkono wa mng'ono wake.

Sipanapite nthawi, azimayi anasonkhana kumpanda. Ndinamuuza Veronika kuti akhale pansi, lero wokawauza ndine. Anangondiyang'ana, n'kuvala magolovesi ena n'kutuluka. Ndinamutsatira chifukwa ndinkachita mantha. Amene ananyamula beseni anali amayi ake, ndipo ndinkadziwa kuti akangolowa n'kugwira mtembowo ndi manja awo, sabata yomweyo tiika maliro achiwiri.

"Suntha, Vero," anatero amayiwo. "Ndinamusambitsa tsiku limene anabadwa. Ndimusambitsanso lero."

"Ayi, amayi."

Amayiwo anamufunsa ngati akufuna kuti mkulu wake apite ndi litsiro ngati wopanda abale. Veronika anayankha kuti sapita ndi litsiro, amusambitsa iye mwini, popeza nayenso ndi mkazi wa pabanjapo. Anawapempha kuti amusiyire ntchitoyo, chifukwa wataya mmodzi ndipo sangapirire kutaya awiri. Amayiwo anatula beseni pansi.

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'Chisena. "Koma utenthetse madziwo. Ukumudziwa mkulu wako."

Nkhani imeneyi ngakhale ine ndinkaidziwa, chifukwa Veronika ankakonda kutiseketsa nayo. Esinala ankaopa madzi ozizira kuyambira ali mwana. Ngakhale mu Okutobala, kutentha kwa kuno kukuthamangitsa ndi mbuzi zomwe, iye ankakoleza moto kuti afunditse madzi osamba, anthu akumuseka. Vuto ndi lakuti kolorini sasakanizidwa ndi madzi otentha, mphamvu yake imathawa. Veronika anangobwerera m'tenti.

Ndikusakaniza mankhwalawo m'ndowa, mtima unandipweteka. Ndinamunong'oneza kuti ketulo ilipo, titha kuthiramo pang'ono chabe, palibe adziwe. Iye anati amene akanyamule thumbalo kupita kumanda ndi anthu a ana awo, ndipo anthu onse amene anawakaniza aja nawonso anali ndi abale oopa kuzizira. Ndinakwiya naye, sindibisa. Koma ndowayo ndinamupatsa momwe inalili.

Anamusambitsa pang'onopang'ono, kuyambira kumaso, kuseri kwa makutu, mpaka pakati pa zala za kumapazi. Akanyika kansalu m'ndowa, ankayamba wakafumbata m'manja kanthawi, ngati kuti magolovesi angadutsitse kutentha. Ndinamumva akulankhula motsitsa.

"Pepani achemwali, akuzizira. Titha posachedwa."

Titatseka thumba, anasamba m'manja natuluka. Amayi ake anali pomwe anawasiya paja. Sanafunse ngati mwana wawo anavutika, kapena ngati ananena mawu omaliza. Anafunsa ngati madziwo anatenthetsa. Ine m'mtima ndinkamupempha kuti aname, bodza laling'ono chotero Mulungu sangaliwerengere munthu.

"Anali ozizira, amayi."

Ndinkayembekeza kuti amutukwana, mwinanso kumutemberera pamaso pa anthu. Koma amayiwo anangogwedeza mutu. Anamasula chitenje chimene anafunda m'mapewa, chokhacho chimene chinali chouma pathupi pawo, n'kuchipereka pamwamba pa mpanda. Anati apite akamufunditse mkulu wake.

Thumba likatsekedwa silitsegulidwanso, ndipo Veronika sanalitsegule. Anayala chitenjecho pamwamba pa pulasitiki, nachiwongola bwinobwino. Kenako anachipinda n'kuchilowetsa pansi cha kumapazi, monga timachitira ndi wodwala amene akunjenjemera, kuti mphepo isalowe.