Chigamba pa Chala cha Ba Dainess

Fakitale ya nsalu itawachotsa ntchito, Ba Dainess anayamba kuchepetsa zovala za salaula, zija za kaunjika, pakhonde pawo ku Nangongwe. Chaka chomwecho mpeni wotumbulira nsomba unawasenga chala chachikulu mpaka fupa kuonekera. Dokotala anatenga khungu pamsana pa chala cholozera, osadula mtsempha wake, n'kulitembenuzira pabalapo.

"Musade nkhawa mayi, ubongo udzazolowera," anatero dokotalayo.

Chigambacho chinagwira bwino, ndipo iwo monga telala sakanatsutsa. Koma panatha miyezi isanu ubongowo uli khutu gwa. Singano ikawabaya chala chachikulu, ululu unkamvekera pa cholozera, iwo n'kuthawitsa chala chosabayidwa, chinzakecho chili pomwepo.

Loweruka lina, akupinda diresi loyera la Idah, mtsikana wa kwaya, singano inawalasanso. Anayamwa cholozera msangamsanga n'kupitiriza kusoka.

"Ba Dainess, magazi!" anakuwa Idah.

Pakolala panali madontho atatu ofiira. Ba Dainess anaponya diresilo pamakina, nachiyang'ana chala chachikulucho ngati wakuba.

"Zaka khumi ndi zisanu nili kuluka nsalu, a fakitale anati phunzirani vina, naphunzira. Manje pa msinkhu uno niyambenso kuphunzira pamene pali chala changa?"