Pafupi pa Akamwini

Rakele adakhala chofulatira chifukwa mkamwini wake Vinsenti adali pabwalo pomwepo. Makutu okha ndiwo sadafulatire.

Nkhani idali ya chitengwa. Vinsenti ankanyamula katundu ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, ndipo tsopano adamusamutsira ku Chileka, ku Blantyre. Ankafuna kupita ndi Modesta, mwana wa Rakele, mimba yoyamba itakula kale. Omuyankhulira adali ankhoswe ake, a Stephano, aphunzitsi a ku Mvera.

"Musade nkhawa, mayi," adatero a Stephano. "Lilongwe ndi Blantyre masiku ano ndi pafupi. Pa ndege mukhoza kutereka nyemba kuno, n'kukafika ku Chileka zisanapse."

Ndegezo Rakele ankaziona zikudutsa pamwamba pa phiri iye akupalira, koma sadamvepo kuti mwatsika mayi wosenza dengu la ufa.

"Imatera pa Chezi pano ndegeyo?"

"Ayi, ku Lumbadzi."

"Inu mudakwerapo, aphunzitsi?"

"Ine ayi, koma m'mabuku..."

"Tawafunsani apongozi angawo. Adakwerapo?"

Vinsenti adayankhira pansi. "Ndimalowa m'mimba mwake kukaika masutikesi."

"Ikamauluka amakhala ali kuti?"

"Pansi," adatero a Stephano m'malo mwake.

"Ndiye mwabwera awiri, nsapato zopukuta, kudzandiyezera mtunda ndi mapiko a eni? Ndege ndi ya nduna ndi azungu."

A Stephano adasuzumira kunjira. "Mayi, mawu otero masiku ano..."

"Khadi la chipani ndili nalo, musandiopseze. Ine ndikunena za mwana wanga. Amayi a Chigwirizano sadamulangize n'komwe. Matenda akamuyamba ku Blantyre, adzamugwira msana ndani? Sutikesi?"

Palibe adaseka. Kuseri kwa chitseko Modesta adakhosomola.

"Chabwino, ndavomera," adatero Rakele. "Ndi pafupi. Poti ndi pafupi, Modesta akhale kuno. Apongozi azitereka nyemba ku Chileka Loweruka lililonse, n'kuuluka kudzaona mkazi wawo. Azibwerera zisanapserere."

A Stephano adavula chipewa, n'kuchivalanso. "Zimenezo n'zovutirapo. Tikiti ya ndege si ya munthu wamba."

"Ndiye kuti ndi kutali."

"Kumbali ina..."

"Mbali ndi imodzi. Nenani ndi pakamwa panu, ankhoswe, aliyense amve."

"Ndi kutali," adatero a Stephano.

"Basi. Chitengwa sindikana, mkazi ndi wawo. Koma achirire kuno. Akatuluka m'chikuta, mwana akalimba khosi, apongozi adzabwere pa basi ngati anthu, adzapemphenso. Za mumlengalenga asadzabwere nazo."

A Stephano adayesa kuti mwina mchombo ukangogwa. Rakele adati khosi. Adayesanso kuti nyumba ya ku Chileka ili ndi mpopi pakhomo. Rakele adafunsa ngati mpopiwo udaberekapo. Zidathera pa khosi.

Vinsenti adakwera basi yekha Lolemba. Modesta, amene adali atachapa kale nsalu zake za ulendo, adatha mlungu wonse osayankhula ndi mayi ake. Ankasinja chofulatira, ankadya chofulatira.

Mlamu wa Rakele adamunong'oneza kuti mwana wakwiya kwambiri, mwina akadangomulola.

"Akwiye," adatero Rakele, akukhwimitsa mpini wa khasu pamwala. "Bola akukwiyira pamene ndikumuona."