Galimoto ya Mkamwini

Mliri utafika ku Perth, ena anaphunzira kuphika buledi, ena ananenepa, ena anayamba kukangana ndi akazi awo chifukwa choonana tsiku lonse. Flywell analibe wokangana naye. Mkazi wake, Tayamika, anapita ku Dedza kukaika maliro a bambo ake mu February 2020 atanyamula zovala za masabata atatu, ndipo asanabwerere, Australia inatseka zipata. Masabata atatu aja anatambasuka mpaka kukhala zaka ziwiri.

Flywell anali namwino pa nyumba yosamalira okalamba ku Joondalup, koma manja ake anakulira kwina. Bambo ake anali makaniko ku Biwi, ku Lilongwe, kumene galimoto siifa, imangokomoka. Ndiye kusungulumwa kutamufika pakhosi, tsiku lina ali pa foni pakamwa panamutsogolera.

"Taya, tsiku lomwe mudzatsike ndege ndidzakutengani pa galimoto yopanga ndekha."

"Ya mawaya?" anafunsa Tayamika, nkuseka mpaka kutsokomola.

Kuseka kumeneko ndi kumene kunamumanga. Mwamuna akasekedwa ndi mkazi amene amamukonda, amatha kugwetsa phiri ndi supuni.

Mnzake Mulenga, wa ku Lusaka, anali ndi shedi ku Malaga, mu Perth momwemo, komwe ankawotcherera mageti, ndipo anamupatsa ngodya imodzi. Ndi Mulengayo amene anamuuza kuti azungu a kuno galimoto yotere amaitcha hotirodi: thupi la nkhalamba, mtima wa mnyamata. Thupi analipeza pa famu ina kupitirira Northam, mutu wa lole ya 1948 momwe nkhuku zinkaikira mazira. Mwini famu anangoti tengani, bola musiye nkhukuzo. Injini inachoka mu galimoto ya Holden yomwe inagundidwa kumbuyo, giyabokosi mu Toyota, ekiselo yakumbuyo mu Ford. Nyali zinali za thirakitala.

Zitsulo zimenezi sizinkafunana ngakhale pang'ono. Mabawuti ena anali a mainchi, ena a mamilimita, ndipo bowo lililonse linkakhala pambali pa pomwe likufunika. Loweruka lililonse Flywell ankachoka ku Malaga zala zili mabalamabala, Lolemba nkukavala magolovesi awiriawiri kuti agogo a ku ntchito asaone girizi m'zikhadabo. Koma ankasangalala, munthu uja. Ankaimba nyimbo za kwaya ali chagada pansi pa galimoto, mawu ake oipa ngati geti losathira oilo, Mulenga nkumakuza wailesi.

Mpando anautenga mu basi yakale nkuudula kuti ukwane anthu awiri. Anaudula mopitirira.

"Ba Flywell, iyi siti ni ing'ono maningi," anatero Mulenga. "Bantu bazankala monga tomato mu bokosi."

"Ndachita dala, achimwene. Zaka ziwiri munthu ali kutali, akafika akhalenso kutali?"

Anaukutira ndi pulasitiki mpandowo, ndipo mbali ya wokwera sanalole munthu kukhalapo. Mulenga anapempha kangapo kuti ayendetseko mpaka pa ngodya pokha, koma Flywell ankayankha kuti nkhuku ya alendo sailawa ili pamoto.

Gawo lililonse ankalijambula nkutumiza ku Dedza: tsiku lomwe injini inakana kulira pa Khirisimasi, tsiku lomwe inalira nkugwetsa zitini za penti pa shelefu, tsiku lomwe anaipaka utoto wofiira. Anajambulanso nkhope yake tsiku lomwe woyeza magalimoto anamubweza. Mzunguyo anayang'ana mabuleki nkugwedeza mutu mokhutira, anayang'ana zowotcherera nkuyamikira, kenako anatsegula pa batire nkupeza lamangidwa ndi malegeni, mwaluso, mfundo zake zooneka bwino. Flywell anafotokoza kuti kwawo legeni ndi sipeya yolemekezeka, imagwira kuposa chitsulo. Mzungu anaseka mpaka kupukuta magalasi, koma pepala sanasaine. Mulenga anawotcherera kachitsulo, ndipo ulendo wachiwiri galimoto inalandira nambala.

Zipata zinatsegulidwa mu March 2022. Tayamika anati sabwera yekha, abwera ndi mayi ake, a Nachisale, kuti akapumeko ku umasiye. Flywell anavomera ndi mtima wonse. Apongozi akewo ankawakonda, koma ankawakonda mwa Chichewa, ali patali. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati sanadyepo nawo chipinda chimodzi. Akakumana ankanjuta pataliko, nkhope atapotolera kumbali, ndipo nkhani zawo zinkadutsa mwa Tayamika ngakhale onse atatu ali pa khonde limodzi. Ku Perth anzake ankati zimenezo nzachikale, koma iye sankaziona ngati katundu wolemera. Ulemu unali umenewo.

Choncho anakonza bwinobwino. Apongozi ndi masutikesi akwera vani ya Mulenga, yomwe anaitsuka nkuyalamo chitenje. Iye ndi Tayamika, hotirodi.

Ndege inatera masana, dzuwa likuswa mtengo. Anthu onse otuluka anali atavala zophimba kukamwa, koma Flywell anamuzindikira mkazi wake ndi kayendedwe, kuponda ngati pansi ndi pake. Anafuna kuthamanga. Miyendo inayamba yokha, kenako inaona a Nachisale kumbuyo kwa mwana wawo, inabwerera m'malamulo. Ananjuta pakati pa bwalo la ndege, azungu akumulambalala ndi ngolo zawo, nkuwomba m'manja mofatsa. Tayamika anamugwira dzanja kamphindi chabe, koma anafinya mpaka fupa linamva.

Atafika poimika magalimoto anapeza anthu atatu akuijambula kale hotirodi ija. Inali itagwada kutsogolo, matayala akumbuyo onenepa, injini ili poyera, mapaipi akung'anima. Tayamika anaima chilili, manja pakamwa.

"A Flywell! Ndiye si ya mawaya!"

Mtima wa Flywell unadzaza mpaka kufuna kusefukira. Anasenda pulasitiki ija pa mpando, natsegula chitseko.

Koma a Nachisale anali atayamba kale kuizungulira galimotoyo, chikwama chili m'khwapa. Anali mayi wamfupi, wochangamuka, amene anagulitsa kachewere pa msika wa Dedza zaka makumi atatu ndipo sankaopa chilichonse chokhala ndi matayala.

"Taya, iyi si injini ija inakana kulira pa Khirisimasi?"

"Ndi yomweyo, amayi."

"Nanga malegeni aja anachotsadi? Mzungu uja analakwitsa, legeni ndi yabwino."

Apa Flywell anadziwa zomwe sankazidziwa. Mavidiyo onse omwe ankatumizira mkazi wake, ndi nyimbo zake zoipa zija, apongozi ankaonera limodzi.

"Uwauze bambo a kunyumba kwako kuti ndathokoza," anapitiriza a Nachisale, akuyang'ana mwana wawo. "Bambo ako anandikweza njinga zaka makumi anayi, mpaka anapita osandikwezapo galimoto ya pakhomo. Loweruka lililonse la umasiye wanga ndinkadikira foni ija. Ndinkati, taonani, kuli mwana kutsidya kwa nyanja akusula galimoto ndi manja kuti adzatilandire. Lero mpaka kunditsegulira chitseko chonchi? Ambuye awadalitse."

Ndipo anakwera. Anakhazikika pa mpando uja, nakonza duku, nadzimanga lamba okha, chikwama pamiyendo, maso kutsogolo ngati akudikira dalaivala wa boma.

Flywell anaima ndi pulasitiki m'manja. Kuwauza apongozi kuti tsikani, pakamwa pake panalibe mawu oterowo. Kukwera nawo, ayi ndithu. Mpando uja anaudula yekha, ankaudziwa: phewa likakhudza phewa, ndipo posintha giya dzanja likagunda bondo. Bondo la apongozi! Anayang'ana Tayamika kuti amupulumutse, koma Tayamika anali atatembenukira ku vani, mapewa akugwedezeka. Ankaseka, mkazi wopanda chisoni. Kuyendetsa Tayamikayo sakanatha, laisensi yake inatha ali ku Dedza, komanso anali asanagone masiku awiri.

Mulenga anayandikira pang'onopang'ono, dzanja litatambasuka kale.

"Mudala, palibe vuto apa. Ine si apongozi banga. Nipaseni chabe makiyi."

Zinamupweteka Flywell, tisaname. Miyezi makumi awiri ya mabala m'zala, ulendo womwe ankauyendetsa m'maloto, ndiye aupereke kwa munthu wowotcherera mageti? Anayang'ananso m'galimoto. A Nachisale ankasisita dashibodi ndi chikhatho, pang'onopang'ono, akumwetulira okha. Anapereka makiyi.

"Giya yachiwiri imafuna ulemu," ananong'ona.

"Nizaipasa ulemu wonse," anatero Mulenga, ali kale m'kati.

Injini inabangula mpaka alamu ya galimoto yoyandikana inalira. Kuchokera m'kati munamveka nthungululu yakuthwa, ya ku Dedza yeniyeni, ndipo hotirodi inatuluka pa geti.

Vani ya Mulenga inkanunkha utsi wa zowotcherera ngakhale anaitsuka. Kutsogolo inali ndi mipando itatu, kumbuyo masutikesi asanu ndi limodzi. Flywell anailiza mokwiya pang'ono nkulowa mu Tonkin Highway, ndipo apo ndi pomwe anaiona galimoto yake koyamba ikuyenda. Nthawi yonseyi ankaiona ali pansi pake kapena m'kati mwake. Inali yokongola, abale. Inkayenda mowongoka, zitsulo za mafuko asanu zitagwirizana, dzuwa likuvina pa denga. Pa windo lakumanzere panatuluka dzanja la a Nachisale likubayibitsa aliyense: oyendetsa malole, wa njinga yamoto, ngakhale galu wa mu galimoto ina. Malole ankayankha ndi mahutala.

"Chimwalirireni bambo sindinawamve amayi akululutira," anatero Tayamika. Anali atavula chophimba kukamwa, ndipo Flywell anaona nkhope yonse, yotopa, yonyowa ndi misozi, ikusekabe. "Mwandipatsa chinthu chachikulu lero, bambo inu."

"Koma ndinapangira inu."

"Ndikudziwa. Mawa ndikwera, mundizungulitse Perth yense mpaka mafuta athe."

Pa maloboti oyamba Tayamika anamasula lamba, nasunthira pa mpando wapakati, nadzimanganso. Anatsamiritsa mutu pa phewa la mwamuna wake nayamba kumufotokozera za ulendo, za sutikesi yomwe anaitsegula pa bwalo la ndege, za ufa womwe amayi anakakamira. Asanafike ku Morley mawu anayamba kutalikirana. Kenako anatha.

Flywell anachepetsa liwiro. Hotirodi inasowa kutsogolo, iye osaifunafuna. Ankamva kulemera kwa mutu uja pa phewa, mpweya wofunda ukulowa m'kolala, ndipo chimwemwe chinamugwira mwamphamvu mpaka anachita mantha kupuma.

Atalowa mu msewu wa kwawo anaona galimoto yofiira itaima pa geti, aneba atatuluka, a Nachisale atatsamira pa boneti Mulenga akuwajambula. Mulenga anakweza dzanja kuti aime. Flywell anayang'ana mkazi wake, ali m'tulo tofa nato, pakamwa pali pululu. Anaika chala pa milomo, nadutsa pa nyumba yake yomwe pang'onopang'ono, nakhotera kumanzere kuti azungulirenso.