Chipembere Chomwe Chinalanditsa Prudencia Madzi

Amene anayamba choipachi ndi Dokotala Maricruz Oré, amene anachimaliza ndi Teófilo, mlamu wake wa Prudencia. Dokotalayo analemba papepala kuti mutu wa mayi wamasiyeyu mwina wayamba kufa. Teófilo anatola pepalalo n'kukamulanda nalo madzi a m'munda.

Dokotala anafika pa galimoto yoyera kuchokera ku yunivesite ya mumzinda, mvula isanayambe. Anati akufufuza ubongo wa okalamba kuti matenda oiwalaiwala azigwidwa msanga. Aliyense wopyola zaka 60 anaitanidwa kusukulu. Dokotala anamuveka Prudencia chipewa cha mawaya, chozizira ngati chule, kenako anamuonetsa zithunzi zitatu.

"Mayi, nyama izi n'chiyani?"

"Uyu ndi mphaka wa kumapiri, koma wamera ndevu. Uyu ndi lama wothyoka msana. Ichi ndi nkhumba, wina waibzala nyanga pamphuno."

Unali mkango, ngamila ndi chipembere, nyama zosapezeka kumapiri kwawoko. Iye amadziwa lama, chiweto cha khosi lalitali chosenza katundu. Dokotala analemba ziro katatu. Anamupatsanso cholembera kuti ajambule wotchi, munthu amene anasiya sukulu sitandade 3 ndipo moyo wake wonse nthawi amaiwerenga pa mthunzi wa phiri. Pomaliza anamuuza mawu asanu a Chisipanishi kuti awasunge, pomwe iye amaganiza ndi kulota m'Chikechuwa.

Pepala linabwera patatha milungu iwiri. Prudencia, posadziwa kuwerenga bwino, analipereka kwa mlamu wake. Lamlungu pa msonkhano wa mudzi, Teófilo anaimirira atalinyamula m'mwamba.

"Abale, si ine ndikunena, ndi makina. Alamu anga mutu wazunguzika. Lamulo lathu likuti wolephera kudzisamala, m'bale wake amugwirire. Madzi awo a Lachitatu ndiziwatsegula ine."

Ngalande yothirira minda, yomwe banja lililonse limatsegula pa tsiku lake, anakumba ndi malemu Anacleto, mwamuna wa Prudencia, mpaka zikhato kung'ambika. Koma anthu anaopa chidindo cha papepalalo. Lachitatu madzi anakhotera m'munda wa Teófilo, mbatatesi za Prudencia zili pa maluwa.

Prudencia sanalire. Atamva kuti galimoto yoyera ili mudzi wa kuseri kwa phiri, anamanga mbatatesi za mbewu m'nsalu yake yoberekera, n'kuyenda maola atatu. Anapeza azimayi ali pamzere. Anawadutsa onse, nakhuthula katunduyo patebulo, pamwamba pa mapepala.

"Mayi, dikirani nthawi yanu!" anatero dokotala.

"Nthawi yanga inali dzulo m'mawa, inuyo munapatsa Teófilo. Lero woyesa ndine. Khalani pansi, mwana wanga. Tchulani izi."

Dokotala anayang'ana muluwo, akumwetulira mwamanyazi. "Iyi ndi yachikasu. Iyi yoyera. Iyi... yakuda."

"Yakuda! Ndiye kuti inunso dzina lanu ndi Wamfupi?"

Azimayi a pamzere anaphulika kuseka. Prudencia anayamba kusankha, dzanja likuthamanga, akutchula iliyonse dzina lake. Iyi siopa chisanu. Iyi ndi youmika pa udzu usiku wozizira. Iyi imafuna dothi lofiira la kumtunda. Iyi ya timabampu ndi yoliza mtengwa, apongozi amapatsa mkazi watsopano kuti asende osaiwononga. Inakwana mitundu 34, osabwereza ngakhale umodzi.

"Tsopano ndikupatsani mayina asanu m'chinenero changa. Muwasunge."

Anawatchula pang'onopang'ono. Kenako anamufunsa dokotala za mayi ake, ngati ali pabanja, ndi chifukwa chake waonda chonchi. Atatha anagogoda patebulo.

"Mayina aja."

Dokotala anakumbuka awiri, lachiwirilo molipotoza.

"Lembani ziro," anatero Prudencia. "Mudinde. Mundiuze dzina la mlamu wanu, ndikamupatse galimotoyi."

Apa dokotala sanasekenso. Anafunsa chimene chachitika, ndipo atamva za madzi nkhope yake inagwa.

"Pepala lija silinati mwasokonezeka, mayi. Linati mukufunika kuunikidwanso. Matendawa alipo ndithu, tikufuna kuthandiza."

"Musandiphunzitse. Bambo Casimiro oyandikana nafe anaiwala njira ya kwawo, tinakawapeza kumanda akuitana mayi awo. Matendawo ndimawadziwa kuposa inu. Koma mukusaka nkhandwe, mwaombera nkhosa. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kanu n'kakuthwadi, kandicheka."

"Mafunsowa anakonzedwa kumayiko akutali, pakati pa anthu opita kusukulu," dokotala anavomera motsitsa mawu. "Tinayenera kuwasintha tisanabwere. Ndikulemberani kalata ina lero lomwe."

"Kalata ayiwerenganso ndani? Teófilo? Ayi. Munandinyoza pagulu, mukandiyeretse pagulu. Lamlungu, ndi pakamwa panu."

"Ndiyenera ndifunse kaye akuluakulu anga."

"Pondipatsa ziro munafunsa ndani?"

Anatola mbatatesi zake imodzi imodzi. Yoliza mtengwa ija anaisiya patebulo. "Iyi muziyeserera kusenda."

Lamlungu loyamba dokotala sanabwere. Teófilo ananyada ngati tambala. "Alamu, mlendo wanu uja ali kuti? Kapena munangomulota?"

"Sekani, alamu. Chaona mnzako chapita. Zaka 60 mukwanitsa chaka chamawa, chipembere chikukudikirani."

Lachitatu lachiwiri linadutsa munda uli gwa. Mizere ya kumunsi inagwetsa maluwa.

Lamlungu lotsatira, msonkhano uli mkati, galimoto yoyera inaima pabwalo. Dokotala anatsika yekha, wopanda mawaya. Anaima pakati n'kuyamba kulankhula, mphunzitsi wa pasukulu akumasulira.

"Tinalakwitsa ndife. Tinayesa anthu ndi muyeso wosakhala wawo. Mayi Prudencia ubongo wawo ndi wakuthwa kuposa wanga, anandiyesa ndinalephera. Pepala lija musaligwiritse ntchito. Tibwereranso ndi mafunso a mbewu, nyama ndi njira za kuno, ngati iwowa angalole kutithandiza kuwakonza."

"Nanga makina aja ananama?" anakuwa Teófilo.

"Makina sananene za madzi, bambo. Za madzi munanena ndinu."

Anthu anakweza manja, madzi a Lachitatu anabwerera kwa mwini wake. Dokotala anayandikira Prudencia natambasula dzanja. Prudencia sanalilandire.

"Mudzi uno mapepala otere munapereka angati?"

"Khumi ndi awiri."

"Ndiye kwatsala makomo khumi ndi limodzi. Ena ana awo awabisira kale mipeni ndi machesi. Tiyeni, ndikutsogolerani. Poti ine njira sindiiwala."

Anayenda khomo ndi khomo mpaka dzuwa kupendeka, wamasiye patsogolo, dokotala pambuyo akupuma wefuwefu pa chitunda.

Lachitatu m'mawa Prudencia anachotsa yekha mwala wotseka ngalande. Madzi anatsika mzere ndi mzere. Mizere ya kumtunda inadzuka. Mizere isanu ndi inayi ya kumunsi inangomwa madzi osasuntha, youma ngati chingwe. Mmenemo ndi momwe munali mtundu wofiira umene Anacleto anabwera nawo kuchokera kwa mayi ake, ndipo mbewu yake yonse inali m'nthaka.

Tsopano inu ophunzira, inu amene mwawerenga izi mpaka pano. Mwina mwamuombera m'manja dokotala poti anapepesa. Chabwino, anapepesa. Koma musanakwere phiri ndi chipembere chanu, panalibe mmodzi mwa inu woti afunse ngati kuno chinayamba chapondako? Mbatatesi yofiira ya Anacleto muitenga ku yunivesite iti? Musandiyang'ane ngati simukumva. Ndafunsa, ndiyankheni.