Gauni ya Destiny

Akulu anga ba Winifred akalambira m'khitchini ya ba madamu ku Kabulonga, koma maloto awo sakalamba, ine! Chaka chonse ankalota tsiku limodzi basi, tsiku loti mwana wawo Destiny amalize kuyunivesiti.

Inu mukudziwa mmene timachitira kuno ku Lusaka. Mwana akamaliza, amavula gauni ndi chisoti n'kuveka mayi wake, iye n'kugwada, ajambulidwe. Pansi pa chithunzi amalemba kuti "Mama, we made it." Ba Winifred Chingelezi chimawadutsa, koma mawu amenewa ankawayimba ngati kolasi ya kutchalitchi.

"Ati tafika, Salifyanji," ankandiuza m'basi yopita kwathu ku Chunga, maso ali pa magetsi a m'tauni. "Tavutika, tavutika, manje tafika. Nimaziona nili mu gauni, mphepo ilowa mumanja monga nifuna kumbululuka ngati mbalame."

"Mukambululuke bwino, ba sisi, malata yathu ni yakale," ndinkawaseka.

Phwando linachitikira pa kapinga wa ba madamu, poti ndiwo ankalipira sukulu. Ine anandiitana kudzathandiza kuphika. Majakaranda anali atayoyokera pabwalo ponse, nyimbo zikumveka chapansipansi. Destiny atayamba kumasula gauni, ba Winifred anatula thireyi, napukuta manja pa chitenge chawo chatsopano, nawongola mapewa.

Mwana uja anawadutsa. Anakaveka ba madamu, nagwada, anthu akuwomba m'manja.

"Ba mami, tikopeniko," anatero, akupatsa ba Winifred foni kuti awajambule.

Mayo ine! Magazi anandiwira. Ndikanaponya chikombe, koma akulu anga anandiponda chala, n'kujambula bwinobwino, kawiri konse.

Alendo atayamba kuchepa, ba madamu anavula gauni ija. "Winifred, yagwila paudala pakhosi. Uipukute, mailo ibwezedwa," anatero, poti inali yobwereka, yofunika kubweza mawa lake.

Akulu anga ndinawasowa nthawi yaitali. Ndinakawapeza kuseri kwa nyumba, pakati pa zingwe zoyanikira, atavala gauni, chisoti chili chopendekeka. Ankayenda pang'onopang'ono atatambasula manja, maso ali chitsinzinire, akugwedezera mutu anthu amene kunalibe. Mtima unandiwawa zedi. Ndinatulutsa kafoni kanga.

Anatsegula maso.

"Iyai, Salifyanji, usanikope," anatero. "Nanga azagwada ndani?"