Kabedi ka Mabowo Atatu

Mumsewu mwathu monse anthu ankanong'onezana kuti alamu anga, amuna awo a achemwali, ali ndi mwana wina kuseri kwa njanji. Ankati ndi wakhanda, wobadwa mwezi umodzi ndi mwana wa achemwali. Ine miseche ndimaikonda, sindikana, nkhani ikandipeza m'mawa, pofika masana imakhala itafika kumapeto kwa msewu. Koma iyi yokha ndinaikana. Mnzanga amene timam'tcha Wayilesi atandiuza pa mpopi, ndinam'khuthulira madzi kumapazi, ndipo tinatha masabata awiri osapatsana moni.

Ndinkawakhulupirira alamu chifukwa cha kabedi.

Achemwali anga ndi aatali ngati mlongoti, ndipo msana unayamba kuwavuta ali ndi pakati. Kuwerama kwa iwo ndi chilango. Alamu ndi kalipentala, ndiye anaganiza zokhomera mwana kabedi kosaweramitsa mayi. M'miyendo yonse inayi anabowola mabowo atatuatatu, ndipo thabwa loyalapo matiresi linkakhala pa zikhomo zolowetsa m'mabowomo. Mwana ali wakhanda, zikhomo zikhale pamwamba kuti mayi angomutola ali chiimire. Akayamba kukhala, muzitsitsire pakati. Akayamba kuimirira, pansi penipeni kuti asagwere kunja.

Loweruka lina anaimika achemwali kukhoma, n'kuwauza kuti apinde manja ngati anyamula khanda, iwo n'kuyeza kuchokera pansi mpaka pa zigongono. Tepi ndinagwira ndine. Achemwali anaseka mpaka mimba kugwedezeka, akuti sanaonepo mwamuna woyeza mkazi wake ngati chitseko. Ku shedi ndinkapitako ndikaweruka kusukulu, kukathandiza kupala matabwa ndi sandipepala. Ndiye pofuna kuti achemwali asamasokoneze mabowo, ndinatenga penti wanga wofiira wa m'zikhadabo n'kuika kadontho kamodzi pa bowo lapamwamba, tiwiri pakati, titatu pansi. Pa mwendo umodzi dzanja linaterereka, kadontho kanamera mchira ngati wa khoswe. Alamu anaseka n'kunena kuti imeneyo ndiyo siginecha yanga, isafufutidwe.

Mwana anabadwa ndi opaleshoni, ndipo amayi ananditumiza kukakhala kwa achemwali kuti ndiziwathandiza. Koma kabedi sikanabwere. Poyamba alamu anati vanishi sanaume, fungo lake lingam'pweteke mwana. Kenako anati matiresi a saizi yake sakupezeka. Kenako chikhomo china chathyoka. Miyezi itatu inatha mwana akugona pa kamatiresi pansi, pafupi ndi kabati. Akalira, achemwali ankagwada kaye bondo limodzi, dzanja lina lili pa bala, ndipo podzuka ankagwirira mpando ataluma mlomo. Ine ndinkawaikira kumbuyo alamu, ndinkati chinthu chabwino sachithamangira.

Tsiku lina Wayilesi anabwera yekha kudzapepesa, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anati wapeza mayi wina woluka tsitsi bwino kwambiri, tipite ndikaone ndekha. Ine tsitsi linali litafika poti chipeso chikulira, ndiye ndinavomera. Titawoloka njanji ndinakumbukira miseche ija, koma kuseri kwa njanji kuli nyumba zambirimbiri.

Chinali chipinda chimodzi chogawa ndi katani. Kuno kunali galasi long'aluka pakona, mipando iwiri ya pulasitiki ndi tsitsi logula litapachikidwa pa misomali. Mayiyo anali wamfupi, wosafika ngakhale paphewa panga, koma wansangala ndiponso wa dzanja lofewa. Ataluka mbali imodzi ya mutu wanga, mwana analira kuseri kwa katani. Mayiyo anakankha kataniyo, n'kukoka kireti ya mabotolo ndi phazi, n'kukwerapo kuti manja ake adutse pamwamba pa matabwa a kabedi.

"Musandiseke, atsikana," anatero akutola mwana. "Bambo ake ndi kalipentala, koma tepi yawo ndi yabodza. Anakhoma ngati akukhomera mkazi wa chimphona."

Ndinayang'ana Wayilesi, iye maso ali kudenga ngati akuwerenga malata. Ndinanamizira kuti ndagwetsa ndolo, n'kugwada pafupi ndi mwendo wa kabedi. Kadontho kamodzi, tiwiri, titatu. Ndipo pa mwendo wa kukhoma, kamchira kanga ka khoswe. Mayiyo anayamba kuyamikira, akuti bamboyo anakakhoma sabata imodzi yokha, osapuma, chifukwa chowamvera chisoni. Sankadziwa kuti ndine ndani. Ndinamuuza kuti mutu ukundipweteka, ndinatuluka tsitsi lili loluka mbali imodzi, mbali inayo lili nyankhalala.

Kunyumba ndinapeza amayi abwera kudzaona mdzukulu. Dzuwa linali likulowa, alamu anali atangofika, akusamba m'manja pakhonde, utuchi uli m'tsitsi. Achemwali anali chogwada pa kamatiresi paja, akuyesa kudzuka ndi mwana. Anafunsa, mofatsa ngati masiku onse, kuti kabedi kafika pati. Alamu anayankha akupukuta m'manja kuti Lachisanu katha, chatsala n'kumangitsa zikhomo basi.

Ndikulumbira, panjira ponse ndinali nditadziuza kuti ndikhala chete. Koma atati Lachisanu, pakamwa panatseguka pokha.

"Alamu, Lachisanulo mukangokadula miyendo. Eni ake atsopano akuchita kukwera pa kireti."

Amayi anakhosomola. Achemwali anandiyang'ana, n'kuyang'ana tsitsi langa, n'kufunsa kuti kireti yake iti. Ndinafotokoza zonse, za katani, za mayi wamfupi, za kamchira ka khoswe. Alamu sanakane ngakhale liwu limodzi. Anangoti aiwala kukhoma loko ku shedi, n'kutuluka ndi thaulo lili paphewa.

Amayi anandikokera kukhitchini n'kunditsina pamkono. Anati iwo anazidziwa miyezi iwiri yapitayo, ndipo anagwirizana ndi alamu kuti zikhale chinsinsi mpaka bala la achemwali litapola bwino. Anati mwana wamkazi wa pakamwa ngati dengu lobowoka adzapasula mabanja a anthu. Ndinawafunsa ngati ankadziwanso za kabedi, ngati ankaona mwana wawo akugwirira mpando tsiku ndi tsiku akudziwa kumene kali. Anatembenuka n'kuyamba kutsuka kapu yoyera kale.

Nditabwerera, achemwali anali atakhala pansi, mwana ali pamiyendo. Sanalire, sanafunse dzina la mayi uja kapena ngati mwanayo ndi wamwamuna.

"Anayeza ine," anatero. "Anandiimika pakhoma pajapa, iwe utagwira tepi."

Mawa lake analongedza zovala zawo ndi za mwana, tinapita kwa amayi. Tsiku lachitatu alamu anabwera atasenza kabedi kogula kusitolo, kachitsulo, kofika m'mawondo. Achemwali anakayang'ana pazenera n'kuuza amayi kuti akawauze akapereke kuseri kwa njanji, kumeneko n'kumene kangakwane.

Panopa ndi sabata yachitatu. Mwana akugonabe pansi. Amayi amandilankhula pongondituma, ndipo anthu a mumsewu, omwe aja ankanong'onezana, akuti banja la achemwali ndaliphwasula ndine. Achemwali sanandikalipire, komanso sanandithokoze. Akafuna kudzuka amangotambasula dzanja, ine n'kuwakoka. Wayilesi akuti tikamalizitse tsitsi kwina, koma ndinamasula lonse, ndimangomanga mpango.

Alamu ananama miyezi itatu, amayi anabisa miyezi iwiri, ine ndinalankhula mphindi imodzi. Ndiye tandiuzani inu amene mukuwerenga, mukanaona kamchira kanu ka khoswe m'nyumba ya eni, mukanabwerera kwanu n'kumadikira nawo Lachisanu?